Manja a Dokotala Larrinaga

Odalys Quintana anazolowera kuyitanidwa munthu akafa kapena katundu akabedwa. M'mawa umenewo amene anayitana apolisi anali dokotala, wodwala wake ali moyo, ndipo panalibe chimene chinasowa.

Dokotalayo, mayi Solange Baptiste, anamulandirira m'kachipinda kawo pachipatala china chachikulu mu Miami, akadali m'zovala zobiriwira za ku opaleshoni. Anali munthu wosadziwa kuzungulira. Anangoloza mpando n'kuyamba.

Anati wodwala wawo, mayi Rosaura Pedroso, anachotsedwa mabere onse awiri kalekale chifukwa cha khansa, ndipo dokotala wina anawaikira timatumba tofewa m'malo mwake. Masiku amenewo timatumbato ankatilowetsa kunsi kwa mnofu wa pachifuwa. Kwa amayi ena zimakhala bwinobwino moyo wonse. Kwa ena mnofu uja umatifinya, moti munthu akangonyamula kanthu bere limadumpha n'kukwinyika, ululu n'kukwera mpaka paphewa. Zikatero pamafunika opaleshoni yachiwiri: kutitulutsa kunsi kwa mnofu, kubwezera mnofuwo pamalo pake, n'kutiika pamwamba.

"Mayiwa anabwera kwa ine akuti opaleshoni yachiwiriyo inachitika kale chaka chatha, koma ululu sukusintha. Zipsera zatsopano anali nazodi. Dzulo ndinawatsegula. Timatumba tinali pomwe tinaikidwa poyamba paja. Mnofu sunakhudzidwe n'komwe. Munthu wina anawagoneka, n'kucheka khungu lokha, n'kusoka, n'kuwadzutsa."

Odalys anafunsa ngati sikungakhale kulakwitsa chabe, poti ngakhale akatswiri zimawachitikira.

"Amalakwitsa ndi amene wayesa. Apa palibe anayesa."

Anawonjezera kuti kasokedwe kake kanali kaudongo, ka munthu amene watseka mabala ambiri. Koma kutseka bala n'kwina, kulowa m'kati n'kwinanso. Odalys atafunsa dzina la dokotala amene anachita zimenezi, mayi Baptiste anayang'ana kaye pawindo. Kanali koyamba kuti achedwe kuyankha.

"A Eusebio Larrinaga, a ku Hialeah. Ndi amene anandiphunzitsa kugwira mpeni. Ndakuitanani chifukwa lamulo likutero, koma ndikuuzeni: ntchito ndaionayo si yawo."

"Nanga ndi ya ndani?"

"Zimenezo ndiye zanu."

* * *

Mayi Rosaura anali atatsamira mapilo, pachifuwa atakulungidwa nsalu zoyera. Anali munthu wamfupi wa manja okhuthala, amene anathera moyo wake akukanda ufa ndi kunyamula mathireyi a makeke a gwafa m'bekale ya mlamu wawo. Pambali pa bedi panakhala mkulu wawo, mayi Migdalia, atakumbatira kachikwama pamiyendo ngati wina awalanda.

Odalys asanafunse kanthu, mayi Rosaura anayamba kuthokoza. Anati bala likupweteka, inde, koma ndi ululu woyera, wa chinthu chimene chikupola. Kufinya kuja, kumene kunkawadzutsa ngati munthu wawakhalira pachifuwa, kunalibenso. M'mawa anapuma mpweya wodzaza kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri, ndipo analira mpaka namwino anathamangira poganiza kuti china chavuta. Anati akatuluka adzaphikira dokotala Baptiste chakudya mpaka adzachite kuwaletsa.

Koma dzina la Larrinaga litatchulidwa, nkhope inasintha.

"Mwanangu, ngati mwabwera kudzamanga bambo amene aja, yambani mwamanga ine."

Anasimba mmene zinalili khansa itawadya. Mwamuna wawo anapirira miyezi yochepa kenaka anapita osatsanzika. Iwo anaphimba kalilole wa kubafa ndi thaulo, ndipo ankasamba magetsi atazima. Mnzawo wa kutchalitchi ndi amene anawakokera kwa a Larrinaga. Bamboyo anakhala pakampando kotsika kuti maso awo alingane, nawauza kuti sangawabwezere zimene anataya, koma angawathandize kuti azivala diresi osaweramitsa mutu. Anachitadi zimenezo. Ululu wa mnofu unabwera pambuyo pake, ndipo iwo sanawaimbepo mlandu. Atatopa nawo, sanaganize zopita kwa wina.

Odalys anawapempha kuti akumbuke tsiku la opaleshoni yachiwiriyo. Anati anafika m'mawa osadya kanthu. Amene anawajambula mizere pachifuwa ndi cholembera anali Wilfredo, mkamwini wa adokotala, yemwe amayendetsa kachipatalako ndi kuthandiza ku opaleshoni. Adokotala anaimirira chapafupi akuyang'ana, manja ali m'matumba a jekete. Kenaka namwino anawalowetsa diripi, adokotala anaima pakhomo nati, "Gona mwanangu, ndili pompano." Basi, kenaka mdima.

"Kale lija, mizere anajambula ndani?"

"Okha. Sankalola munthu wina." Kenaka mayi Rosaura anawonjezera, "Koma munthu akakula amagawira ana ntchito. Pali cholakwa?"

Odalys anaimirira. Anawafunira kuchira msanga natuluka.

Asanafike pachikepe anamva nsapato zikugogoda pambuyo pake. Anali mayi Migdalia, akupuma mothamanga.

"Taimani kaye, mwanawe. Mng'ono wangayu ndi wofatsa, satha kuikira munthu kumbuyo. Ndikuuzeni ine za a Larrinaga. Madokotala a masiku ano amakuyang'ana? Amayang'ana kompyuta, iwe n'kumalankhula ndi khutu lawo. Koma tsiku lija ine ndinali kunjenjemera m'chipinda chodikiramo, mtima uli m'mwamba. Bambo aja anatuluka, anakhala nane, n'kuyamba kundifunsa za mtengo wanga wa mapeyala. Awo akuti sukubereka, wanga ukuthyoka nthambi. Ndinawauza chinsinsi chake chonse. Mantha anandithera osadziwa."

Odalys anasiya kudina batani la chikepe. Anafunsa ngati adokotala anachokapo pakati pa macheza amenewo.

"Achoke? Ine ndikamalankhula munthu sachoka. Mwamuna wanga anayesa, anachita kumwalira."

"Ndiye analowa nthawi yanji ku opaleshoni?"

Mayi Migdalia anati iwo ankaganiza kuti m'katimo akumukonzabe Rosaura, poti zogoneka munthu zimachedwa. Patapita nthawi yaitali, Wilfredo anasuzumira, nanong'oneza apongozi ake. Adokotala analowa, ndipo posakhalitsa anatuluka akumwetulira, akuti zonse zayenda bwino.

"Ndinati mumtima, dokotala weniweni ndi uyu. Kulowa n'kutuluka ngati wokatenga chipewa."

Anaseka, koma kusekako kunathera panjira. Anamuyang'ana Odalys, kachikwama kanatsetsereka paphewa, ndipo anaika dzanja pakamwa.

"Mayo ine. Ndanena chiyani?"

* * *

Kachipatala ka a Larrinaga kanali pakati pa sitolo ya matayala ndi malo okonzera tsitsi, koma m'kati munali mozizira ndi monunkhira maluwa. M'chipinda chodikiramo munali mtsikana mmodzi wovala shati yaikulu ya mabatani ndi masilipasi, mwamuna wake atamugwira dzanja. Patebulo panali mbale ya maswiti. Mwamunayo anatenga imodzi, mtsikanayo anaimezera mate n'kuyang'ana kumbali.

Wilfredo Armas anatuluka akupukuta manja. Anali wosalala nkhope, wa mawu ofewa ngati wogulitsa galimoto. Anati akuwakumbukira bwino mayi Pedroso, mayi wabwino kwambiri, ndipo n'zachisoni kuti thupi lawo silinalandire opaleshoni. Matupi ndi osiyana, anatero, ena amachira, ena amabwerera momwe analili.

"Timatumba timabwerera tokha kunsi kwa mnofu?"

"Zimenezo muwafunse madokotala, abwana. Ine ndine wopatsira zida chabe. Apongozi akamaliza, ine ndimatseka khungu, basi."

"Ndiye mpeni anagwira ndi iwo?"

"Angagwirenso ndani? Dzina lili pachitsekopo ndi lawo."

Anati bamboyo akupuma kunyumba, abwera masana. Analemba keyala mosanyinyirika, namuperekeza mpaka pakhomo, namutsegulira chitseko. Odalys ali m'galimoto anamuona kudzera pagalasi atatembenukira kukhoma, foni ili kukhutu.

* * *

Odalys anawapeza a Larrinaga kuseri kwa nyumba, atakhala pampando wachitsulo pamthunzi. Anali aatali, oonda, a tsitsi loyera lopesedwa bwino. Kunja kunkatentha koma anali atavala jekete, manja onse ali m'matumba. Sanamupatse moni wa m'manja. Anangoweramitsa mutu mwaulemu namuuza kuti akhale.

Sanadikire kufunsidwa. Anati opaleshoni ya mayi Pedroso anachita ndi iwo, ndipo ngati china chinalakwika mlandu ndi wawo, pasakhudzidwe wina. Ananena mosalala, ngati mawu oloweza.

Odalys anali atamvapo anthu ambiri akunama kuti pamalo pa upandu panalibe iwo. Aka kanali koyamba kumva munthu akulimbikira kuti analipo. Anatulutsa cholembera, natembenuza kapepala ka keyala kaja, n'kuziika patebulo patsogolo pawo.

"Bambo, ine za thupi sindizidziwa. Tandijambulireni pomwe mnofu umadutsa ndi pomwe munaika timatumbato."

Bamboyo anayang'ana cholemberacho kwa nthawi. Kumpanda kunadutsa galu wa aneba akununkhiza. Odalys anadikira, poti ntchito yake inamuphunzitsa kuti chete amafinya kuposa funso.

Potsiriza a Larrinaga anatulutsa manja nawaika patebulo. Ankanjenjemera okha, lamanja kwambiri, zala zikupukusana ngati zikupota ulusi. Cholembera chinagubuduka n'kugwa pansi.

"Ndi amenewa," anatero.

Anafotokoza mwapang'onopang'ono. Matendawo atayamba anasiya kugwira mpeni tsiku lomwelo, ndipo zimenezo angalumbire. Ankafuna kutseka kachipatalako. Koma Wilfredo anati amayi amabwera chifukwa cha dzina la Larrinaga, ndipo antchito ali ndi mabanja. Wilfredoyo anapeza dokotala wachinyamata wa chiphaso chake, woti azilowera khomo la kuseri masiku a opaleshoni, azigoneka odwala ndi kuwachita opaleshoni, pomwe iwo azingowalandira ndi kuwalimbitsa mtima. Iwo anamuona okha mnyamatayo, namufunsa mafunso, ndipo anali wodziwa ntchito. Pambuyo pake iwo sanalowenso m'chipinda cha opaleshoni wodwala ali patebulo. Fungo lake lokha linkawaliza. Ankadziwa kuti akunamiza amayiwo, koma ankadzitonthoza kuti ali m'manja abwino.

"Dokotala ameneyo munamuona liti komaliza?"

Bamboyo anayesa kukumbukira. Anati papita nthawi. Mwina chaka chatha chisanayambe. Wilfredo ankangoti wafika, kapena wangochoka kumene.

Apo Odalys anawauza zimene zinapezeka m'chifuwa cha mayi Rosaura: khungu lochekedwa ndi kusokedwa mwaudongo, m'kati mosakhudzidwa.

"Wanena ndani?"

"Dokotala Baptiste."

"Solange." Analitchula dzinalo motsitsa. "Ngati ndi Solange, n'zoona. Mwana uja sanena chimene sanaone." Anatseka maso. "Wilfredo kusoka ndinamuphunzitsa ndine. Kusoka kokha."

Mwadzidzidzi anatsegula maso nagwira m'mphepete mwa tebulo, tebulo n'kuyamba kugwedera. Anati Wilfredo anawaimbira posachedwapa kuti asabwere lero chifukwa apolisi akununkhiza, ndipo akafunsidwa avomere kuti anachita ndi iwo, kuti mwana wawo wamkazi asachite manyazi. Za wodwala wa lero anati asadandaule, amuuza kuti adokotala alowa kale akusamba m'manja.

Odalys anakumbukira shati ya mabatani ija, masilipasi, ndi switi imene mtsikana uja sanaikhudze.

"Ngati dokotala uja kulibe," anatero a Larrinaga akuimirira movutikira, "ndiye mankhwala ogonetsa akupereka ndani?"

* * *

Odalys anayendetsa galimoto ndi dzanja limodzi, linalo lili pafoni kuyitana anzake ndi ambulansi. Bamboyo anakhala pambali pake.

M'chipinda chodikiramo munatsala mwamuna uja yekha, akuwerenga pafoni. Ataona a Larrinaga akulowera khomo la kutsogolo anadzuka modabwa, nafunsa ngati si iwo amene ali m'katimo ndi mkazi wake. Odalys ndi bamboyo anangomudutsa. Chitseko cha ku opaleshoni chinali chokhoma. Odalys anamenya ndi chibakera natchula kuti ndi apolisi, koma m'kati munangoti zii.

A Larrinaga anamukankhira pambali pang'ono. Sanakuwe. Analankhula ndi mawu amene ayenera kuti ankawagwiritsa ntchito kale magazi akamatuluka mosayembekezeka.

"Yusimí, ndine. Tsegula chitseko ichi tsopano."

Kiyi anatembenuka. Namwino wachitsikana anatsegula, misozi ili kale m'masaya, akuti iye anauzidwa kuti akalankhula adzamangidwa yekha.

Mtsikana uja anali chagada patebulo, mizere ya buluu ili pachifuwa, khungu lisanachekedwe. Wilfredo anaima pambali pake atavala magolovesi, mpeni uli m'mbale. Anayamba kunena kuti akungomukonza, akudikira apongozi, koma ataona kuti apongoziwo ndi amene aima pakhomo manja ali pamtunda, mawu anamuthera. Odalys anamuuza kuti abwerere kukhoma, ndipo anabwerera.

A Larrinaga sanamuyang'ane n'komwe. Anaweramira mtsikanayo, naika khutu pafupi ndi mphuno yake, nayang'ana milomo imene inayamba kuda. Analamula namwino kuti atseke diripi, akweze chibwano, aike chopumira. Okha sakanatha kugwira kanthu, koma ankanena chochita chilichonse chisanafunike, ndipo manja a namwino ankatsatira. Pamene a ambulansi ankalowa, mtsikanayo anali atatsokomola n'kufunsa ndi mawu a tulo ngati zatha.

"Sizinayambe, mwanangu," anatero bamboyo. "Thokoza Mulungu."

Odalys akutuluka naye ali m'maunyolo, Wilfredo anatembenukira apongozi ake nati onse ankadyera limodzi. A Larrinaga anavomera ndi mutu.

* * *

M'mawa mwake Odalys anabwerera kuchipatala. Sinali ntchito yake kukauza wodandaula zonse, koma anaona kuti mayi Rosaura asamve kwa anthu ena. Anawauza mosabisa: amene anawacheka, amene anakhala panja, ndi za mtsikana amene anapulumuka chifukwa cha macheza a mapeyala. Mayi Migdalia anatukumuka pampando nati iwo akhala akunena kuti pakamwa pawo padzathandiza munthu tsiku lina.

Mayi Rosaura sanaseke. Anafunsa chimene chiwachitikire a Larrinaga. Odalys anati chiphaso chawo chapita, ndipo kukhoti akayankha, chifukwa kunamiza odwala ndi mlandu ngakhale mpeni sunali m'manja mwawo. Anawonjezera kuti bamboyo ali panja pakhonde. Anapempha kuti awaone, koma akakana abwerera.

Mayiyo anasalaza nsalu ya pabedi ndi chikhatho.

"Alowe."

Analowa ngati mwana wasukulu woyitanidwa ku ofesi. Anayamba kupepesa koma mayi Rosaura anawadula.

"Adokotala, munandinamiza. Munati muli pompano, munalibe. Chaka chonse ndimaganiza kuti thupi langa ndi limene lili ndi vuto, moti ndimachita manyazi kubwera kudzadandaula kwa inu." Anapuma pang'ono, mosamala bala. "Koma ine ndinali munthu wotha, inu munandidzutsa. Dokotala amene wandichiritsa dzana munamuphunzitsa ndinu. Zimenezo sindingazifufute chifukwa cha izi. Zonse ziwiri ndikhala nazo."

Bamboyo anagwira m'mphepete mwa bedi. Mayi Migdalia anawakankhira mpando ndi phazi, akuti akhale asanagwere wodwala.

Kenaka mayi Rosaura anafunsa ngati alipo amayi ena amene anachitidwa ngati iwo. A Larrinaga anati alipo, ndipo akuwakumbukira onse, nkhope ndi mayina, poti aliyense anakhala naye pansi n'kucheza naye.

"Ndiye panopa ali kunyumba kwawo, akumva kupweteka, akudziimba mlandu okha. Asamve kwa apolisi kapena pa wailesi. Auzeni ndinu."

Odalys anadziwa kuti mkulu wake ku ofesi sangakonde zimenezi, ndipo loya aliyense akanawauza bamboyo kuti atseke pakamwa. Anawachenjeza kuti chilichonse anene iye achimva ndipo chikafika kukhoti. A Larrinaga anati akudziwa, ndipo ndi bwino chikafike.

Anatulutsa foni m'thumba koma inkavina m'manja mwawo. Mayi Migdalia anaitsomphola, navala magalasi, nafunsa dzina loyamba. Atalipeza anadina, n'kuigwirizira pakhutu la bamboyo, dzanja lina lili paphewa pawo.

Inaitana kangapo. Kenaka kunamveka mawu a mayi, kumbuyo kwake ana akusokosera, ndipo atazindikira amene akuimba anasangalala, nayamba kuwafunsa za moyo.

"Ndili bwino, mwanangu, koma khala kaye pansi," anatero a Larrinaga. "Ululu ukuumvawo si vuto lako. Ndinakulakwira ndine, ndipo ndikuuza zonse. Ndikamaliza ndikupatsa dzina la dokotala amene akuchiritse."